Kodi zithunzi za nkhondo zakale za ku Ulaya zimanena zoona?

Funso: Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale. Pofufuza zithunzi zoti ndionetse ana m'kalasi, ndinapeza pa intaneti chithunzi cha Diego Velázquez chosonyeza kugonja kwa mzinda wa Breda. Chinandidabwitsa. Wopambana wagwira wogonja paphewa ngati bwenzi lake, asilikali ndi aukhondo, magazi palibe, mtembo palibe. Pa zithunzi zina za nthawi yomweyo asilikali aima mothithikana m'mizere chikhalirecho adani awo ali ndi mfuti. Kodi nkhondo zinalidi choncho, kapena ojambulawo ankangopeka?

Yankho: Aphunzitsi, m'kalata yanu muli mafunso awiri, ndipo mayankho ake ndi osiyana. Zoti asilikali ankaima mothithikana pamaso pa mfuti n'zoona ndithu, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza. Koma ukhondo ndi ulemu zimene mwaona pa chithunzi cha Breda, zimenezo anachita kusankha. Sindinganene kuti ndi bodza. Ndi mbali ya nkhani imene wolipira ntchitoyo anafuna kuti ioneke.

Tiyambe ndi zimene zinachitika ku Breda. Mzindawu uli kum'mwera kwa dziko la Netherlands. Pa nthawiyo anthu a dzikolo anali pankhondo yofuna kuchoka m'manja mwa mfumu ya Spain, nkhondo imene inayamba mu 1568 n'kudzatha mu 1648. Kumapeto kwa Ogasiti 1624, Ambrogio Spinola, mwana wa banja lolemera la ku Genoa amene ankatsogolera asilikali a Spain, anauzinga mzindawo. Sanayese kukwera malinga ake. Malinga a masiku amenewo anali aafupi koma okhuthala kwambiri, ambiri adothi, okhala ndi ngodya zosongoka ngati nyenyezi, kotero kuti aliyense woyandikira ankawomberedwa kuchokera mbali ziwiri. Kuthamangira linga lotere kunali kungotaya anthu. Choncho Spinola anakumbitsa ngalande ndi kumangitsa timalinga kuzungulira mzinda wonse, mzere wina woyang'ana mkati kuti a mumzinda asatuluke, wina woyang'ana kunja kuti odzawathandiza asalowe. Atatero anangodikira kuti njala igwire ntchito yake. Panatha miyezi 9, nyengo yonse yachisanu ili momwemo. Mumzinda chakudya chinatha ndipo mliri unapha anthu ambiri, pamene kunja ozingawo ankagona m'matope. Msilikali wa ku Breda anagwira fosholo masiku ambiri kuposa amene anagwira mfuti. Pa 5 Juni 1625, Justinus van Nassau, amene ankalamulira mzindawo, anatuluka ndi asilikali ake.

Velázquez, wojambula wa mfumu ya Spain, sanapondeko ku Breda. Chithunzichi anachijambula ali ku Madrid mu 1634 ndi 1635, patadutsa zaka pafupifupi 10. Mfumu Philip IV inali itamangitsa nyumba yachifumu yatsopano ya Buen Retiro, ndipo m'holo yake yaikulu yotchedwa Salón de Reinos, momwe munkachitikira miyambo ya ufumu pamaso pa nduna ndi akazembe a mayiko ena, munayenera kupachikidwa zithunzi 12 zikuluzikulu za nkhondo zimene Spain anapambana. Cha Breda ndi chimodzi mwa zimenezo. N'chachitali mamita 3, m'lifupi mamita oposa 3 ndi theka, ndipo anthu akutsogolowo ndi aakulu ngati anthu enieni. Kazembe wolowa m'holomo ankayenera kutulukamo akudziwa zinthu ziwiri: Spain ali ndi mphamvu, komanso Spain akapambana amachita ulemu.

Tsopano chiyang'aneninso chithunzicho. Kumanja, kumbuyo kwa Spinola, mikondo yaitali yaima chilili ngati nsungwi, yochuluka, yolunjika. Anthu a ku Spain chithunzichi amangochitcha Las Lanzas, kutanthauza mikondo. Kumanzere, zida za ogonja n'zochepa, zazifupi, chilichonse chaloza kwake, zina zili ndi tinsalu ta mtundu wa lalanje, chizindikiro cha banja la Orange, limene linkatsogolera a Netherlands pankhondoyi. Popanda dontho la magazi, wojambula wakuuzani kale gulu limene lili ndi mwambo ndi limene lamwazika. Nkhope ya Spinola ankaidziwa bwino, chifukwa mu 1629 anakwera naye chombo chimodzi kuchoka ku Barcelona kupita ku Genoa. Koma pojambula n'kuti Spinola atamwalira kale mu 1630, ali wokhumudwa, atasemphana maganizo ndi akuluakulu a ku Madrid. Chigwa chakumbuyocho, ndi madzi ake osefukira ndi ngalande zake, anachitenga pa mapu ndi zithunzi zodindidwa zimene zinalipo. Za kupereka makiyi a mzinda, zimene Justinus akuchita kwa Spinola pakati pa chithunzicho, akatswiri ambiri amati zinachokera mu sewero la Pedro Calderón de la Barca lonena za kuzingidwa kwa Breda komweku.

Ndisalakwire malemu Spinola. Ulemuwo unalipodi. Asilikali ogonja analoledwa kutuluka ndi zida zawo, mbendera zili m'mwamba, ndipo nkhani ya kufatsa kwake inamveka ku Ulaya konse. Velázquez anatenga ola limodzi labwinolo n'kulikuza mpaka linaphimba miyezi 9 ya njala. Zili ngati chithunzi cha ukwati chopachikidwa pabalaza. Akwati anamwetuliradi, palibe angatsutse, koma ngongole ndi mikangano ya makomiti simungazipeze m'felemu. Ndipo mu Okutobala 1637, chithunzichi chitangokhala pakhoma zaka ziwiri, Frederick Henry wa banja la Orange anaulandanso mzinda wa Breda. Chithunzi chinakhalabe. Lero chili ku Museo del Prado ku Madrid, ndipo kwa ine ndi chimodzi mwa zithunzi zokongola kwambiri zimene munthu anajambulapo. Kukongolako n'kumene kumafuna kuti tizichiwerenga mosamala.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, limene ana adzakufunsani ndithu: bwanji osabisala kuseri kwa mitengo?

Mfuti ya nthawi imeneyo ndi kholo la gogodela. Msilikali ankathira onga kukamwa kwa mfuti, kuponyamo chipolopolo cha mtovu, kuchikankha ndi ndodo mpaka pansi, kuthira onga wina pang'ono m'kambale ka m'mbali, kenaka kukonza chingwe chonyeka pang'onopang'ono chimene chinkayatsa ongawo akakoka. Zonsezi ankachita chingwe choyakacho chili m'manja, timabotolo tamatabwa ta onga tikulendewera pachifuwa. Mu 1607 Jacob de Gheyn anatulutsa buku la zithunzi lophunzitsira asilikali, ndipo kuwombera kamodzi kokha ndi kudzazanso mfuti anakugawa m'zithunzi 42. Msilikali wozolowera ankatha mphindi yathunthu kapena kuposa asanawomberenso. Mfutiyo inali yolemera moti ankaitsamiritsa pa ndodo yamphanda, ndipo munthu akakhala patali mamita oposa 100, kumulasa unali mwayi chabe. Mfuti imodzi payokha inalibe ntchito kwenikweni. Zinkaopsa zikalira zambiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1590 Maurice wa ku Nassau, mkulu wa asilikali a Netherlands, anayamba kuphunzitsa asilikali ake kuti mzere wakutsogolo ukawombera uzibwerera kumbuyo kukadzaza mfuti, wotsatira n'kufika kutsogolo, moto osalekeza.

Ndiye panali okwera pamahatchi. Munthu woyenda pansi, ali yekha, mfuti ilibe kanthu, akakumana ndi wapahatchi wokhala ndi lupanga ndiye kuti kwake kwatha. Chomuteteza chinali mkondo wautali pafupifupi mamita 5. Anthu mazanamazana akaima phewa ndi phewa mikondo italoza kunja, hatchi sinkalowapo, ndipo amfuti ankathawira pansi pa mikondoyo. Magulu a Spain otchedwa tercio anatchuka chifukwa cha kaimidwe kameneka. Kwa msilikali wa 1625, ngozi yaikulu inali kumwazikana. Anthu ambiri ankaphedwa pamene mzere wasweka ndipo aliyense wayamba kuthawa, mahatchi ali pambuyo. Apa ojambula sananame.

Zida zimathandizanso kudziwa zaka za chithunzi. Mukaona mikondo yaitali pakati, amfuti m'mbali, nkhondoyo ndi ya chaka cha 1700 chisanafike. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 kunabwera mpeni womangirira kunsonga kwa mfuti, ndipo wamfuti aliyense anakhala wamkondo yemwe, mikondo yaitali n'kutha ntchito. Mukaona gulu lonse lavala majekete a mtundu umodzi, muli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 kapena m'ma 1700. Pa nthawi ya Breda yunifolomu kunalibe. Aliyense ankavala zimene anali nazo kapena zimene walanda. Akuluakulu ankamanga nsalu m'chiuno kapena paphewa, yofiira kwa a Spain ndi a mfumu yaikulu ya ku Vienna, pamene asilikali wamba ankasomeka kanthambi kobiriwira pachipewa kapena kumanga kansalu koyera pamkono, n'kupatsidwa mawu achinsinsi ofuula tsikulo. Pa zinthu ngati izi, zovala, zipewa zachitsulo, malamba, ng'oma, kagwiridwe ka mfuti, zithunzi zojambulidwa m'nthawi yomweyo ndi mboni zodalirika kwambiri, pakuti ogula ambiri anali asilikali ndipo akanaona msanga cholakwika.

Chimene wojambula sakanatha kusonyeza mokhulupirika ndi utsi. Onga wakale unkatulutsa utsi woyera wochindikala, ndipo mfuti ndi mizinga zikalira kangapo tsiku lopanda mphepo, munthu sankaona ngakhale gulu loyandikana nalo. Pa nkhondo ya ku Lützen, ku Germany, mu Novembala 1632, utsi unasakanikirana ndi chifunga. Mfumu ya Sweden, Gustavus Adolphus, inasochera kuchoka pagulu la okwera pamahatchi limene inkatsogolera, inakumana ndi adani, n'kuphedwa. Asilikali ake ambiri anayamba kuzindikira ataona hatchi yake ikuthamanga yopanda wokwera, ndipo mtembo unapezeka patapita maola, utavulidwa. Ngati mfumu inasowa chotero pakati pa anthu ake omwe, ganizirani zimene msilikali wamba ankaona. Koma palibe akanalipira chithunzi choyera mbuu. Choncho ojambula ankaika utsi pang'ono ngati thonje pakamwa pa mizinga, kwinako n'kusiya kowala.

Zithunzi zimene zimaonetsa magulu aang'onoang'ono ngati timabokosi pachigwa chachikulu zili ndi mwini wake wodziwika. Pieter Snayers, wobadwira ku Antwerp mu 1592 ndipo anagwira ntchito ku Brussels, ndiye anali katswiri wa mtundu umenewu. Ankagwiritsa ntchito mapu a akatswiri omanga malinga, zithunzi zodindidwa ndi malipoti a akuluakulu a nkhondo amene ankamupatsa ntchito, monga Ottavio Piccolomini. Nthawi zambiri kutsogolo amaika kaphiri, pomwe mkulu wa asilikali waima pahatchi, ndipo woona chithunzi amakhala ngati ali pomwepo n'kumayang'ana pansi. Koma Flanders, dera la kumpoto kwa Belgium wa lero kumene nkhondo zambiri zoterezi zinkachitikira, ndi dziko lathyathyathya. Kaphiriko n'koikamo kuti mapu asanduke chithunzi. Ndiponso zochitika za m'mawa, masana ndi madzulo zimaikidwa pamodzi ngati zinachitika nthawi imodzi. Mizereyo ndi yoongoka chifukwa ikusonyeza pamene mkulu analamula kuti magulu aime, osati pamene anapezeka nkhondo itatentha. Ndimamukondabe Snayers pa chifukwa china. M'munsi mwa zithunzi zake, kumene wolipira sankayang'ana kwambiri, mumapezeka anthu enieni. Pa chithunzi chake cha kuzingidwa kwa Aire-sur-la-Lys mu 1641, chimene chilinso ku Prado, asilikali akuyenda m'chipale chofewa atavala nsanza, atadzikulunga ndi chilichonse chimene apeza.

Mwina mungaganize kuti wojambula amene anafikadi kunkhondo ndiye wodalirika. Analipo otero. Jan Vermeyen anatsagana ndi Charles V, mfumu ya Spain, ku Tunis mu 1535. Willem van de Velde wamkulu ankakwera kabwato n'kumayenda pafupi ndi zombo za Netherlands zikumenyana ndi za England, akujambula papepala, ndipo ntchito yake ndi chuma chenicheni kwa ofufuza za zombo. Adam Frans van der Meulen, wophunzira wa Snayers, ankayenda ndi Louis XIV wa ku France n'kumajambula mizinda ndi malinga molondola kwambiri. Komabe pa zithunzi zake za kuwoloka mtsinje wa Rhine mu 1672, chimene diso limayamba kuona ndi mfumu ili pahatchi, yaloza ndi ndodo, pamene omira m'madzi ndi timadontho takutali. Iye anali wantchito wa mfumu, ndipo kufika pamalopo sikunasinthe zimenezo.

Nanga zosiyidwazo ndi ziti? Choyamba, ambiri mwa asilikaliwa anali aganyu. M'gulu la Spain munali a ku Italy, Germany, Ireland ndi Wallonia, ndipo mkati mwa Breda, kumbali ya Netherlands, munali a ku England ndi France. Malipiro ankachedwa miyezi, nthawi zina zaka. Mu Novembala 1576 asilikali a Spain amene sanalipidwe kwa nthawi yaitali anagalukira akuluakulu awo n'kufunkha mzinda wa Antwerp, kupha anthu masauzande. Gulu lankhondo linkayenda ndi akazi, ana, antchito ndi ogulitsa malonda, amene nthawi zina ankachuluka ngati asilikali eniakewo, ndipo khamu lonseli linkadya za m'midzi imene ladutsamo. Ng'ombe, mbewu, ngakhale zitseko zosonkhera moto zinkatengedwa. Kumbuyo kwawo kunkatsala njala, kamwazi, matenda ofalitsidwa ndi nsabwe ndi mliri, ndipo zimenezi zinapha anthu ambiri, asilikali omwe, kuposa zipolopolo. Pa Nkhondo ya Zaka 30, kuyambira 1618 mpaka 1648, madera ena a Germany anataya theka la anthu ake. Ku Magdeburg kokha, mu Meyi 1631, anthu pafupifupi 20,000 anafa mzindawo utalandidwa ndi kupsa.

Sikuti ojambula onse anatseka maso. M'holo yomwe ija ya ku Madrid, Juan Bautista Maíno pojambula kulandidwanso kwa Bahia ku Brazil anaika kutsogolo msilikali wovulala, mayi akumutsuka bala, ana akuyang'ana. Sebastiaen Vrancx, mphunzitsi wa Snayers, anajambula midzi ikufunkhidwa ndi apaulendo akuchitidwa chiwembu m'misewu. Koma amene ndikufuna kuti mumudziwe bwino ndi Jacques Callot wa ku Nancy, m'dera la Lorraine.

Callot sankagwiritsa ntchito penti. Ankazokota pa mkuwa n'kudinda papepala, kotero ntchito yake inkafika m'manja mwa anthu ambiri pamtengo wochepa. Iyenso anagwirirapo ntchito olamulira: anapanga chithunzi chachikulu cha mapepala 6 cha kuzingidwa kwa Breda komweku, atapemphedwa ndi Isabella amene ankalamulira ku Brussels m'dzina la Spain. Koma mu 1633, chaka chimene asilikali a France analowa mumzinda wa kwawo, anatulutsa tizithunzi 18 totchedwa Les Grandes Misères de la guerre, kunena masautso a nkhondo. Kalikonse n'kakang'ono, kotha kukwana pachikhatho ndi zala. Timayamba ndi kulemba asilikali ntchito. Nkhondo yeniyeni, magulu awiri kumenyana, yangotenga kachithunzi kamodzi. Totsatira ndi asilikali akuthyola nyumba ya mlimi, kuzunza mwini nyumba kuti aulule pobisa ndalama, kugwira akazi, kutentha tchalitchi ndi mudzi. Kenaka zilango, ndipo apa pali kachithunzi kodziwika kwambiri: mtengo waukulu, anthu pafupifupi 20 akulendewera m'nthambi zake, wina akukwera makwerero wansembe ali pambuyo pake, ena pansi akudikira nthawi yawo. Muwauze ana kuti opachikidwawo ndi asilikali olangidwa chifukwa cha kufunkha, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi anthu a m'mudzi. Chakumapeto, asilikali olumala akupempha pakhomo la chipatala, ena akufera m'mbali mwa msewu, ndipo alimi otopa akubwezera ndi zida zakumunda. Kachithunzi komaliza ndi mfumu ikugawa mphoto kwa akuluakulu a nkhondo. Callot nayenso anasankha zoti aonetse, ndipo akatswiri ena amati nkhani yake yaikulu ndi mwambo wa asilikali, woipa alangidwe, wabwino alandire mphoto. Ngakhale zili choncho, kagawidwe kake, kamodzi ka nkhondo ndi ochuluka a masautso, kali pafupi ndi zimene zolemba za m'matchalitchi ndi m'midzi ya nthawiyo zimanena.

Palinso umboni wina umene sunadutse m'manja mwa wojambula aliyense. Mu 2011 ofukula zakale anapeza manda a anthu ambiri pamalo a nkhondo ya ku Lützen. Anawadula pamodzi ndi dothi lake n'kupita nawo ku Halle kukawafufuza bwinobwino. Munali mafupa a amuna 47, ena anyamata a zaka za m'ma 15, oponyedwa m'dzenje mosasamala, atavulidwa pafupifupi chilichonse. Oposa theka anafa ndi zipolopolo, ambiri m'mutu. Mafupa ambiri anali ndi zipsera za mabala akale amene anapola, komanso zizindikiro za kusowa chakudya kuyambira ali ana. Amenewa ndiwo timadontho tija ta m'timabokosi ta Snayers. Ndikamaona zithunzi za manda amenewa mtima umandiwawa, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene dzina lake likudziwika.

M'kalasi mwanu, Aphunzitsi, ine ndikanachita chonchi. Onetsani chithunzi cha Velázquez ndi kachithunzi ka Callot ka mtengo uja tsiku limodzi, ndipo muwauze ana kuti zinapangidwa motalikirana chaka chimodzi kapena ziwiri zokha, china cha khoma la mfumu, china chogulitsa kwa aliyense. Asanayambe kukangana zoti choona ndi chiti, afufuze amene analipira chilichonse, kumene chinkayenera kuonedwa, ndiponso zaka zimene zinadutsa pakati pa nkhondo ndi kujambula. Tsamba la pa intaneti la Museo del Prado limalola kukulitsa chithunzi cha Breda mpaka kuona tizinthu tating'ono. Akakulitsa, muwachotse pa makiyi ndi pa dzanja la Spinola, muwatsogolere kumbuyo, pakati pa mitu ya akuluakulu awiriwo ndi kuseri kwa mikondo, kumene kuli madzi osefukira, mizere ya ngalande ndi utsi wa moto ukukwera m'malo angapo. Muwafunse kuti kukupsa chiyani kumeneko, ndipo ankakhalako ndani.